Tipempherere mlongo wathu amene akufuna mpando wa ku Indianapolis

Abale ndi alongo a ku South Bend, Mishawaka ndi Elkhart, makamaka inu muli pa shifiti ya usiku ngati ine, mukapeza kamphindi tipemphere limodzi. Ngati kugwada sikutheka, werengani chiimire, Mulungu amamva.

Atate wathu wa Kumwamba, Inu amene mumachotsa mafumu ndi kuika ena, monga Danieli ananenera ali ku Babulo, tabwera. Lero matamando anga ndi aafupi, thupi latopa, koma mumadziwa kuti mtima wanga ukukuyamikani.

Tabwera ndi mwana wanu, mlongo wathu amene timakhala naye benchi imodzi Lamulungu, yemwe waima kuti akalowe m'Nyumba ya Malamulo ya chigawo cha Indiana kuno ku America. Mipando ya aphungu m'nyumba imene akufunayo ilipo 100, iye akupempha umodzi wokha, wa zaka ziwiri. Munamudutsitsa pa chisankho cha chipulura mu Meyi, anthu akuti sapita patali. Tsopano Novembala wayandikira. Amene munayamba naye ndinu, musamusiye panjira, musamusiye, Ambuye.

Mpatseni mphamvu m'miyendo. Akaweruka ku ntchito amayamba kugogoda makomo, mphepo ya Okutobala ikuluma. Ena amatsegula, ena amangosuzumira pawindo, ena galu ndiye amawayankhira. Anthu a m'dera lake ndi pafupifupi 68,000, sangawafikire onse. Kumene phazi lake silikufika, kafikeni Inuyo. Amene akuzula zikwangwani zake pa kapinga usiku, musalole kuti amuzulirenso mtima. Zonyoza za pa Facebook zimudutse pamwamba. Ana ake muwagwire, mwamuna wake mumulimbitse, pakuti chakudya cha madzulo m'nyumba muja chasanduka cha mothamanga.

Koma Ambuye, ndinene chimene chandidzutsa. Ine ndimasamalira okalamba. Ndimawasambitsa, ndimawatembenuza pa bedi maola awiri aliwonse kuti asatuluke zilonda, ndimawadyetsa ndi sipuni ngati ana, ndimawagwira dzanja pamene abale awo ali kutali. Usiku wina timatsala awiri okha, belu likulira uku, wina wagwa uko, wina akuitana mkazi wake amene anamwalira kalekale. Msana wanga mumaudziwa Inu. Ndalama zosamalira ambiri a agogo amenewa zimachokera ku Medicaid, thandizo la boma lolipirira chithandizo cha anthu opeza zochepa, ndipo bajeti yake ya zaka ziwiri amaikambirana ndi anthu okhala pa mipando ija ku Statehouse, Nyumba ya Malamulo ya ku Indianapolis. Malipiro otsikitsitsa kuno akadali $7.25 pa ola chiyambire 2009. Mwana wobadwa chaka chimenecho wandipitirira kale msinkhu. Mlongo wathuyu ntchito imeneyi anaigwirapo, fungo lake amalidziwa. Ndiye ndikupempha, ndikuchonderera, ndikulira pamaso panu: mukamutsegulira khomo, asakaiwale. Akakhala pa mpando wofewa mu Januwale, mukamukumbutse belu la 3 koloko ya usiku. Akamayandikira anthu a masuti okhala ndi zofuna zawo, mumuike m'gulu la aja Yetero anauza Mose, oopa Mulungu, oona mtima, odana ndi chiphuphu.

Ndikhululukireni, Atate. Tsiku limene anaimirira m'tchalitchi kunena kuti apikisana nawo, ndinaomba m'manja koma mumtima ndinati, ameneyu akudziona ngati ndani? Inali nsanje, palibe dzina lina. Ndiponso kwathu ndinavinapo pa msonkhano wa ndale chifukwa cha chitenje ndi kandalama ka m'manja, voti yanga ndinaigulitsa motchipa, ndipo amene ndinamuvoterayo sitinamuonenso mpaka chisankho china. Lero ndili ndi green card, chilolezo chokhala kuno koma osati unzika, kuvota sindingathe, ndipamene ndikudziwa chimene ndinataya. Ndisambitseni.

Ndipo inu abale amene munalumbira kale n'kukhala nzika za dziko lino, mukuti chiyani? Mumati ndale n'zauve, za eni dziko. Eni dziko ake ati, pamene ana anu akuphunzira sukulu za kuno, msonkho mukudulidwa kuno? Yeremiya anauza akapolo ku Babulo kuti afunire mtendere mzinda umene anatengedwerako, pakuti mtendere wake ndiwo mtendere wawo. Kalembera amatseka kutatsala masiku 29, kuvota msanga kumayamba kutatsala masiku 28, tsiku lenilenilo amatsegula 6 koloko m'mawa mpaka 6 koloko madzulo, mutenge chiphaso chokhala ndi chithunzi. Za ovataimu musatiuze. Ife osaloledwafe tisayerekeze n'komwe kuponya voti, ndi mlandu waukulu. Ifeyo tiphike, tinyamule anthu pa galimoto, tipemphere.

Tibwerere kwa Inu, Yehova. Wopikisana naye uja nayenso ndi wanu, ali ndi banja, musalole kuti pakamwa pathu patuluke bodza lomunenera. Mitima ya olamulira ili m'dzanja lanu ngati madzi a mumfuleni, mumaikhotetsera kumene mwafuna. Ngati mpando uwu ndi wake, palibe angaulande, palibe, palibe. Ngati si nthawi yake, mugwireni usiku wa zotsatira, asachite manyazi kubwera ku tchalitchi Lamulungu lotsatira, ndipo ife tisamuthawe.

Belu lalira m'chipinda cha kumapeto, Ambuye, ndiyenera kupita. Tsalani ndi mlongo wathu, pitani nane.

M'dzina la Yesu Khristu, Amen.