Inu ogula vinyo chifukwa mwamuona pa foni, tamverani

Ndakhala chete nthawi yaitali, koma za Loweruka lapitali zandikwana. Mwana wa mchemwali wanga, mtsikana woti sukulu adapita ndithu, ntchito akugwira mu Blantyre, adatiitanira phwando la tsiku lake lobadwa. Ine ndidanyamula nkhuku yamoyo monga amachitira malume. Ndikufika, tebulo ladzaza mabotolo a vinyo, ena apinki, ena ovala zagolide m'khosi. Tidakhala ola lathunthu osaloledwa kukhudza ngakhale nthuli imodzi ya nyama, ati tidikire dzuwa lipendeke kuti zithunzi zituluke bwino. Mnyamata wina adagona chafufumimba pa kapinga, foni m'manja, mwini phwando atagwira tambula ndi zala ziwiri, milomo ataisongola ngati akuuzira moto.

Kutacha Lamulungu, atatu mwa anzakewo anali kusanza, mmodzi mpaka kukamuika diripi. Ndidakatola botolo limodzi kudzala. Pepala lomata lija lidachoka ndi chikhadabo chokha, chitsekerero chake chikuonekeratu kuti chidatsegulidwapo kale. Ndikumufunsa mwini phwando uja, "Iwe, zimenezi wagula kuti?" Ati, "Malume, kwa mayi ena ake a pa WhatsApp, amaika pa status, aliyense amagula kwa iwowo." Dzina lawo lenileni? Sakulidziwa. Shopu yawo ili kuti? Alibe, ukalipira pa foni amangotuma wa kabaza. Nanga ndalama yonseyi idachokera kuti? Apa ndiye adayang'ana pansi, n'kumakanda dothi ndi chala chakuphazi. Katapila.

Ana inu, mutu ukugwira koma? Tomato pamsika mumamutembenuza katatu, kumufinya, kukangana ndi wogulitsa mpaka akuikireni basera. Koma chinthu cholowa m'magazi mwanu mukugula kwa munthu wopanda nkhope, chifukwa choti wachijambula pambali pa duwa?

Ndipo musandiuze kuti mumamukonda vinyoyo. Ndidakuonani nkhope zanu mutameza. Mudachita tsinya ngati mwana womwetsedwa kwinini. Chimene mudagula ndi chithunzi cha mtsikana uja wa pa Instagram, wokhala m'mbali mwa dziwe ku Cape Town kapena pa khonde la hotela ku Sandton, amene mumamutsatira usiku wonse mpaka bandulo kutha. Mukuganiza kuti botolo lija adagula ndi ndalama zake? Amapatsidwa ulere, ena n'kulandira malipiro pamwamba, kuti alinyamule dzina la kampani likuyang'ana kamera. Ku South Africa komweko malamulo a otsatsa malonda amati wolipidwa azionetsa kuti walipidwa, n'chifukwa chake pansi penipeni pamakhala kamawu ka #ad kapena #sponsored. Inu mudakawerengapo? Iye akulandira kuti amwetulire, inu mukukongola kuti mufanane naye. Wopusa ndani pamenepa?

Foniyo nayo imakudziwani kuposa mayi anu okubalani. Mukangoima pang'ono pa kanema wa munthu akutsegula botolo, mawa lake akubweretserani ena khumi. Facebook, Instagram ndi WhatsApp mwini wake ndi mmodzi, kampani ya Meta, ndipo ndalama zake zimachokera kwa otsatsa malonda. Bungwe la zaumoyo la WHO lidalemba mu 2022 kuti ogulitsa mowa akugwiritsa ntchito njira zimenezi kusaka achinyamata ndi anthu omwa kale kwambiri, kudutsa malire a mayiko popanda wowaletsa. Inu mumati mwasankha nokha. Mwasankha chiyani? Nkhuku yowazidwa chimanga mpaka kulowa m'khola nayonso imayesa ikudziyendera.

China chondiseketsa, botolo lililonse lotulutsa thovu mwalitcha shampeni. Champagne ndi dera la ku France, ndipo dzinalo ndi la vinyo wochokera kumeneko basi. Ndiye m'dziko muno, momwe kwacha idagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, momwe ndalama zakunja zikusowa mpaka anthu kugona pa mizere ya mafuta, mayi wa pa status akugulitseni shampeni weniweni pa mtengo wa nkhuku ziwiri? Adamutenga kuti, kumwamba? Ku America kudali mkulu wina, Rudy Kurniawan, amene ankasakaniza vinyo m'nyumba mwake ku California, kuthira m'mabotolo akale, kumata mapepala osindikiza yekha. Adapusitsa anthu a mamiliyoni a madola, akatswiri onunkhiza tambula asanamwe, mpaka khothi lidamugamula zaka 10 mu 2014. Ngati adagwa ndi amenewo, inu a ku Chilobwe ndi ku Area 25 mudalira chiyani? Chikomekome cha nkuyu. Lero mwasanza chabe. Tsiku lina mudzamwa zothiridwa poizoni wotchedwa methanol, maso adzachita mdima, ndipo palibe adzawabweze.

Ngakhale akhale weniweni, wogula m'sitolo yooneka ndi risiti m'manja, mwayamba kumumwa ngati Sobo. Vinyo wamba amakhala ndi ukali wa 12 mpaka 14 peresenti, pomwe mowa wa m'botolo uli cha m'ma 5. Botolo limodzi la mamililita 750 ndi ngati zibanthu zisanu ndi chimodzi. Mtsikana woti bambo ake akamwa mabotolo atatu amawanena kuti ndi chidakwa, iye akumaliza botolo lathunthu yekha, n'kulemba pa Facebook kuti akudzisamalira. Wotsekemera uja ndiye woipitsitsa, amatsika ngati thobwa, ukamadzuka miyendo yakana. Kenako makiyi a galimoto m'manja, msewu wa Chileka usiku. Tiziika maliro angati?

Ena mwafika pomatumizirana timakanema toti tambula imodzi patsiku imalimbitsa mtima. Adakuuzani ndani, dokotala wanu kapena wogulitsa? WHO yomweyo idanena mu Januwale 2023 kuti palibe mlingo wa mowa womwe ungatchedwe wosavulaza, ndipo mowa uli m'gulu la zinthu zoyambitsa khansa, ya m'mawere ili momwemo. Zimenezo simugawana m'magulu mwanu, sizikongola pa chithunzi.

Chidandiwawa koposa ndi ichi. Pa phwandolo padali mtsikana woyembekezera, mimba ikuoneka, naye tambula m'manja, ati ndi ka pinki chabe. Funsani abale athu amene akugwira ntchito m'minda ya mphesa ku Western Cape, ku Robertson, ku Worcester, ku Stellenbosch. Kumeneko kale azungu a minda ankalipira antchito gawo la malipiro ndi vinyo, ankati dop. Lamulo lidaletsa kalekale, koma chizolowezi chidakhalira m'mabanja, ndipo mpaka lero derali lili m'gulu la malo amene ana ambiri pa dziko lonse amabadwa ubongo utaonongeka ndi mowa wa mayi awo. Mapiri okongola amene mumawaona kumbuyo kwa mtsikana wa pa Instagram ndi omwewo. Kamera siitembenukira kumakomboni.

Mu 2015 boma litaletsa masacheti tidaomba m'manja, tikuti ana athu apulumuka. Lero mowa wabwerera pakhomo utavala suti, walowera pa foni, ndipo akuulandira ndi ophunzira omwe, makolo ali pompo akudina like. Inunso azimayi anzake a mchemwali wanga, mudalemba kuti "wakula mwana wathu, zikukhala." Zikukhala chiyani? Simukuchita manyazi?

Mdzukulu wangayo wandiimbira dzulo, ati malume ndithandizeni, wakatapila akufuna zake pa 30. Ndamuuza kuti chithunzi chija chidapeza ma like oposa 300, akamuonetse amenewo. Ndipo nkhuku yanga andibwezere.