Tsiku la mapemphero lisamadalire mtima wa bwana

Anzanga a mu Lusaka muno, iyi ndiinena ngakhale ena mundikalipire. Kalendala yathu ya tchuthi inakonzedwera munthu wopemphera Lamulungu. Ine ndine wa Katolika, ndiye sindinavutikepo. Lachisanu Loyera, Loweruka Loyera, Lolemba la Pasaka, Khirisimasi, zonsezi boma linandisungira kale, sindilemba kalata kwa aliyense.

A Chiluba atalengeza pa 29 Disembala 1991 kuti Zambia ndi dziko la Chikhristu, mawuwo nkudzalowa m'chiyambi cha malamulo a dziko mu 1996, ambiri tinkati otsala panja ndi Asilamu ndi Ahindu basi. Koma a Seventh Day nawo ndi Akhristu. Ali muno kuchokera 1905 pomwe mishoni ya Rusangu inayamba pafupi ndi Monze, ndipo lero akupitirira miliyoni imodzi. Sabata lawo limayamba Lachisanu dzuwa likalowa mpaka Loweruka dzuwa kulowanso. Tsono Loweruka lomwelo ndi lomwe masitolo amadzaza, ndi lomwenso aphunzitsi a m'makoleji amakonda kuponyapo mayeso akaona kuti nthawi yawathera.

Mwana wa achemwali anga zinamuonekera pa koleji ina muno m'tauni. Mayeso a pakati pa teremu anawaika Loweruka m'mawa. Anapita ku ofesi mwaulemu wonse, manja kumbuyo, nkuti: "Aphunzitsi, chonde ndilembe Lachisanu masana kapena Lamulungu, ngakhale mundikhazike ndekha m'chipinda." Yankho linali loti asankhe, Sabata kapena satifiketi. Mwana wa zaka 19, fizi yake mayi ake akuipeza pogulitsa salaula, mukumuuza zimenezo? Sanalembe, ndipo anabwereza phunzirolo. Mphunzitsi wina wa pa koleji yomweyo amalola anthu otere kulemba tsiku lina popanda vuto. Ndiye kuti zonse zikutengera kuti wagwa m'manja mwa ndani.

Asilamu vuto lawo ndi lina. Chaka chawo chimayendera mwezi wa kumwamba, chimafupika ndi masiku pafupifupi 11, choncho Idi, chikondwerero chawo chachikulu, imasunthasuntha chaka ndi chaka. Komanso tsiku lenileni limatsimikizika mwezi ukaoneka, nthawi zina usiku woti mawa ndi Idi. Nanga fomu yopemphera tchuthi, yomwe kuntchito amaifuna pasadakhale, munthu alembapo deti lanji? Amangoimba foni usiku, "Bwana, mwezi waoneka," kenako nkumadikira kuti aone ngati pamalipiro padulidwa.

Pitani ku Kamwala Lachisanu masana muone. Masitolo ambiri amatsitsa zitseko, eni ake apita ku mzikiti. Antchito amakhala pakhonde kumadya, amayi odzaoda katundu atakhalira zikwama zawo kudikira, ndipo palibe amene amachita ndewu. Tonse tinazolowera, timangoti tikagule isanakwane 12 koloko. Diwali, chikondwerero cha Ahindu, ikafika, sitolo ya Mhindu itha kutseka, ife nkuzungulira kwina. Apa ndi pomwe pamandipweteka: wopemphera akakhala mwini sitolo, tauni yonse imamudikira, koma akakhala wantchito, zomwezo zimatchedwa kujomba.

Kwa anansi athu ku Malawi, Idi yotsekera Ramadani ndi tchuthi cha dziko lonse. Ine sindikupempha zimenezo kuno. Matchuthi tili nawo ambiri kale: 8 ndi 12 Malichi, 28 Epulo tsiku la a Kaunda, 1 ndi 25 Meyi, masiku awiri mu Julayi, la alimi mu Ogasiti, 24 Okutobala, kuphatikizapo 18 Okutobala, tsiku la mapemphero lomwe a Lungu anakhazikitsa mu 2015. Waganyu wa ku Kanyama kapena Chawama tchuthi chilichonse chimamudyera ndalama ya ndiwo, ndiye kuwonjezera china nkumupweteka iyeyo.

Chomwe ndikufuna nchoti lamulo la ntchito lipatse wantchito aliyense masiku awiri pa chaka oti asankhe yekha malinga ndi chipembedzo chake, ndipo wofuna azitha kusinthanitsa. Msilamu agwire pa Khirisimasi, apume pa Idi. Wa Sabata atenge shifiti ya Lamulungu. Anamwino, alonda ndi anyamata othira mafuta m'magalimoto amachita kale zimenezi paokha, mwakachetechete, kungogwirizana kuti "iwe undiimire tsiku lakuti". Chatsala nkungozilemba kuti bwana wouma mtima asamakane. Kumasukulu nkosavuta kuposa pamenepo: mayeso asamaikidwe Loweruka, ndipo akagwera pa Idi pakhale tsiku lina lolembera lodziwika teremu isanayambe.

Ndikudziwa wina anena kuti anthu azinama, aliyense azisanduka Msilamu mwezi ukaoneka. Abale, anthu amanama kale za maliro, agogo amodzi kumwalira katatu, koma sitinaletse anthu kupita kumaliro. Masikuwo ndi awiri okha kwa aliyense, kaya ndi wa ku mzikiti, wa ku Sabata kapena wosapemphera nkomwe. Wonamayo akawamaliza wamaliza, lachitatu adzadulidwa malipiro ngati wina aliyense.