Galu wanuyo mumuchotse pakati pa ana athu

Ndapsa mtima ndipo sindibisa. Dzulo madzulo ndinapita kukatenga mwana kumkaka, kasukulu kapakhomo komwe timasiya ana tikamapita kuntchito kuno ku Lilongwe. Ndinamupeza ali ndi chotupa pachipumi, patsaya mizere itatu ya zikhadabo. Nditafunsa anti ake, akuti, "Aaa, bambo ake musadandaule, amasewera ndi kagalu ndiye kanamugwetsa pakhonde. N'kamwana aka, sikaluma." Kagalu kakeko nditakaona ndinasowa chonena. Boerboel wa miyezi isanu, phazi lake kukula kuposa dzanja la mwana wanga, ali pamkeka kunyambita mbale ya phala yomwe mwana wina wangoisiya.

Sikaluma? Ine ndimalipira ndalama mwezi ndi mwezi kuti mwana wanga asamalidwe, osati kuti mudziphunzitsira galu wanu ulemu pa iye.

Mvetsani amayi amene mwatsegula timasukulu m'makomo mwanu: galu wamtundu waukulu ndi ana oyamba kumene kuyenda sakhala bwalo limodzi. Basi. Kaya ndi wofatsa, kaya mumamukonda chotani, kaya munamugula ndalama zingati, sakhala bwalo limodzi. Boerboel ndi galu wa ku South Africa, alimi a kumeneko ankamuwetera kulondera pakhomo pa famu. Wamphongo akakula amapitirira makilogalamu 60, kulemera kuposa thumba la chimanga lodzadza. Mwana wa zaka ziwiri amalemera makilogalamu 12 kapena pamenepo. Ndiye inu mukuti azithamangitsana pasimenti? Galuyo safunika kuluma kuti avulaze mwana. Kungodumpha mokondwa, kungopotoloka mwadzidzidzi, mwana ali pansi mutu wagunda sitepe.

Chimene chimandikwiyitsa kwambiri n'chakuti anthu amaona ngati ubwana wa galu ndi chitetezo. Ubwanawo ndiye vuto lenileni. Agalu akuluakulu ngati Boerboel, Great Dane kapena mastiff amakula thupi mofulumira koma nzeru zimabwera mochedwa, amakhwima akamayandikira zaka ziwiri. Miyezi yonseyi muli ndi chinyama chachikulu chomwe sichidziwa mphamvu zake. Pa miyezi inayi mpaka isanu ndi umodzi mano a ubwana amaguluka, nkhama zimayabwa, galu amatafuna chilichonse chimene wachipeza: nsapato, chidole, mwendo wa mpando, kadzanja ka mwana. Kwa iye ndi masewera. Ndipo taonani msinkhu. Pakamwa pa galuyo pali molingana ndi nkhope ya mwana. N'chifukwa chake wamkulu akalumidwa amalumidwa mwendo kapena dzanja, koma mwana wamng'ono kawirikawiri amalumidwa kumaso ndi m'khosi.

Ananso salakwa. Mwana wa chaka chimodzi ndi theka sadziwa kuti mchira sakoka, kuti galu akamadya samuyandikira, kuti akagona samukwera pamsana. Galu asanalume amachenjeza: amatembenuzira mutu kumbali, amanyambita milomo, amauma thupi, kenako kuguguza pakhosi. Ndani akuona zimenezi? Anti m'modzi ali ndi ana khumi, wina akulira, wina wadziyipitsira, phala lili pambaula. Maso ake ndi awiri okha.

Ndikudziwa, akuba avuta ndipo aliyense akufuna galu woopsa pakhomo. Izo n'zanu. Mangani khola. Dulani bwalo ndi mpanda, ikani geti lokhala ndi loko pamwamba poti mwana sangafike. Ana akabwera m'mawa galu akhale ali kwake kale, atathamanga, atadya. Ana akaweruka mumutsegulire, asewere ndi a m'nyumba mwanu mmene mungafunire. Mukufuna azolowere ana? Chabwino, galu amafunikadi kuzolowera anthu akadali wamng'ono, koma muchite ali pa chingwe, inu mutagwira, mphindi zochepa, ndiponso makolo atavomera. Ine palibe amene anandifunsa. Tinkalembetsa mwana kulibe galu, tangozindukira chilombo chili pakhonde.

Ndipo sitinayambe n'komwe kukamba za ukhondo. Tiana ta agalu timabadwa kale ndi njoka za m'mimba, timatengera kwa make. Mazira ake amatuluka ndi chimbudzi n'kutsala m'dothi miyezi yambiri, dothi lomwelo ana athu amakwawapo n'kuika zala m'kamwa. Njoka zimenezi zikalowa mwa mwana zimatha kufika mpaka m'diso. Madokotala a ziweto amati kagalu kazimwa mankhwala a njoka milungu iwiri iliyonse mpaka katakwana miyezi itatu, kenako mwezi uliwonse mpaka miyezi isanu ndi umodzi. Nditafunsa khadi ya katemera, anti anangoti, "Abambo ndi amene akudziwa." Abambowo ali kuntchito. Katemera wa chiwewe amabaya galu akakwana miyezi itatu, uyu ali ndi isanu, ndipo pakhomopo palibe amene angandionetse pepala.

Chiwewe si nthabwala m'dziko muno. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati matendawa amapha anthu pafupifupi 59,000 pachaka padziko lonse, ndipo mwa anthu 10 alionse, anayi amakhala ana osakwana zaka 15. A bungwe lolimbana ndi chiwewe la Mission Rabies anayamba kubaya agalu katemera ku Blantyre mu 2015 chifukwa cha kuchuluka kwa ana omwe ankamwalira ndi chiwewe ku chipatala cha Queen Elizabeth. Zizindikiro zikangoonekera palibenso mankhwala. Mwana akalumidwa kapena kukalidwa, bala litsukidwe ndi sopo ndi madzi kwa mphindi 15, kenako thamangirani kuchipatala tsiku lomwelo. Wanga anangomupaka mafuta odzola, osandiimbira ngakhale foni. Kuchipatalako ndinachita kupita naye ndekha usiku.

Wakutsina khutu ndi mnansi. Amene mwakwiya ndi zimenezi kwiyani, koma galu akhale kwake, ana akhale kwawo. Galuyonso mukumulakwira, chifukwa tsiku limene adzang'ambe mwana, anthu a m'dera adzamugenda mpaka kufa, pomwe wolakwa ndi amene anasiya geti lotsegula. Makolo anzanga, musamangofunsa za fizi ndi chakudya. Lowani kuseri kwa nyumba muone. Funsani ngati pali galu, amagona kuti, amadyera kuti, khadi yake ili kuti. Akayamba kukuzunguzani, nyamulani mwana wanu.

Ndipo inu ogulitsa tiagalu pa Facebook ndi m'mphepete mwa misewu, nanunso mwatitopetsa. Kagalu ka milungu inayi, kosaleka n'kuyamwa komwe, mwakachotsa kale kwa make, mukukanyamula m'katoni padzuwa n'kumakuwa kuti ndi Boerboel weniweni. Khadi mulibe, make ndi bambo ake simungationetse, wogulayo simumuuza n'komwe kuti chinthuchi chidzakula bwanji ndipo chidzadya zochuluka motani. Mumangowerenga ndalama n'kuzimitsa foni.