Gitala ya mwini musamaikunge

Ndikapanda kulemba izi sindigona. Loweruka tinali ndi shoo pamalo ena kumsewu wopita ku Monkey Bay, dzina sinditchula. Mphwanga, yemwe amatiimbira gitala, anaitsamiritsa pa ampu n'kupita kukasukusula, poti kutentha kwa kuno ku Mangochi mukukudziwa. Pobwera anapeza mdala woyang'anira zokuzira mawu waikhazika pamwendo, foni yotchunira ili pabondo, ali kalikiliki kupotokola makiyi. Ati: "Iwe mwana, gitala yakoyi inagwa mawu, ndakukonzera." Asanatseke n'komwe pakamwa, kansambo kowonda kaja kanaduka. Mphwanga anangoti, "Ankolo, mukanafunsa kaye." Ine ndinali ndi mawu ena, koma ndinameza. Usiku wonse tinaimba ndi nsambo zisanu.

Kukonza chiyani? Inawonongeka liti?

Gitala ija sinagwe. Inatsitsidwa dala, ndi munthu wodziwa chimene akuchita. Ndibwerezenso kuti amene ali kumbuyo amve: gitala yolira pansi si gitala yolakwika.

Zoona, katchunidwe kamene ambiri tinaphunzira ndi E A D G B E, kuyambira nsambo yonenepa. Koma limeneli si lamulo la m'Baibulo. Ife timaimba metal, ndipo timatchuna drop C, kutanthauza C G C F A D. Nsambo zisanu timazitsitsa ndi ma semitone awiri (semitone ndi sitepe imodzi ya mawu pakhosi pa gitala), yonenepayo ndi anayi. Ikakhala pa E imanjenjemera ka 82 pa sekondi, ikafika pa C ka 65 basi. Kusiyana kumeneko ndi kumene kumakugunda pachifuwa distortion, kachipangizo kokhakhalitsa mawu a gitala, ikayatsidwa. Ndiponso nsambo zitatu zonenepazo, C G C, ukazidinda ndi chala chimodzi zimatulutsa power chord yathunthu, mawu olirira pamodzi amene metal imadalira, ndiye dzanja limathamanga pakhosi pa gitala mmene nyimbo ikufunira. Ena amati ndi ulesi. Bwerani muimbe ola lathunthu dzanja lamanja lisakupuma, kenako tikambirane za ulesi.

Chimene chandiwawa kwambiri n'choti anthu amaganiza kuti kutsitsa n'kungokhwefula makiyi basi, ndiye aliyense angathe kubwezera. Ayi ndithu. Nsambo zowonda za saizi 9 mpaka 42 ukazitsitsa mpaka C zimalendewera, zimamenya ma fret (tizitsulo topingasa pakhosi pa gitala), ukangokanda mwamphamvu mawu amasokonekera. N'chifukwa chake timaika zonenepa, za 12 mpaka 56. Ukatero umayenera kusintha truss rod, chitsulo chija chili m'kati mwa khosi, kukulitsa timipata ta pa nut (podutsa nsambo kumutu kwa khosi), ndi kusuntha ma saddle (potsamira nsambo kumunsi kwa gitala) kuti fret ya 12 izilira molondola. Ndi ntchito ya tsiku lathunthu, ya munthu wodekha. Gitala yonse imakhala yagwirizana pa C. Tsopano wina akabwera n'kukweza nsambo yonenepa ija kubwerera pa E, mphamvu yokoka khosi pa nsamboyo imakwera ndi pafupifupi 60 peresenti, pa zinazo ndi pafupifupi 26 peresenti. Khosi limapindika, nsambo zimatalikira ma fret, ndipo yomwe yadyedwa kale ndi dzimbiri imaduka. Ndiye munthu n'kumati wakuthandiza!

Safunsa anadya phula, akuluakulu anatero. Chopweteka n'choti pano phulalo tinadya ndife.

Ndipo musandiuze kuti ndi zibwana za ana a masiku ano. Tony Iommi, woimba gitala wa gulu la metal la Black Sabbath, anaduka nsonga za zala ziwiri za dzanja lamanja pa fakitale ya zitsulo ku Birmingham ali ndi zaka 17, ndipo poti ndi wamanzere, limenelo ndiye dzanja lodindira nsambo. Pofika 1971 anali atatsitsa gitala yake ndi ma semitone atatu mpaka C#, kuti zala zisamawawe, ndipo kulemera kwa mawu kumene kunatuluka pamenepo anthu akukutsatirabe mpaka lero. Zaka zoposa 50 zapitazo zimenezo. Korn ya ku America mu 1994 inatuluka ndi magitala a nsambo 7 otsitsidwa mpaka A. Meshuggah ya ku Sweden inafika pa nsambo 8. Onsewa magitala awo anagwa? Akudikira kuti wina wa ku Mangochi akawakonzere pa foni?

Mukati ndi za azungu, ku Ghanzi ku Botswana kuli Overthrust, anthu akuda ngati ife, akuimba death metal. Kwathu konkuno, malemu Daniel Kachamba wa ku Chileka ankatchuna gitala mwa njira zakezake, akatswiri a nyimbo ochokera kunja n'kumabwera kudzaphunzira kwa iye. Palibe anamulanda gitala kuti amukonzere. Woimba ng'oma akamata phula pakati pa chikopa kuti izilira pansi, mumapita kukamatula n'kumati ng'oma yadetsedwa? Simungayerekeze, mukudziwa chomwe chingakuonekereni pabwalopo. Nanga gitala yalakwa chiyani?

Chodabwitsa china, anthu omwewa Lamulungu lililonse amadina transpose pa kiyibodi kuti kwaya isavutike ndi mawu okwera. Pamenepo zili bwinobwino, palibe amati kiyibodi yagwa. Koma mnyamata akatsitsa gitala yake, yogula ndi ndalama zake, ndiye kuti sadziwa kutchuna. Mwina n'chifukwa choti ambiri tinaphunzirira gitala kutchalitchi ndi pa reggae, E ndi E basi, kaya. Zimenezo si zanga.

Zanga ndi izi: simukukonda metal, palibe vuto. Nenani kuti ndi phokoso, nenani kuti woimbayo akungobangula, tazolowera, ngakhale amayi anga amatero. Koma manja anu akhale m'thumba. Mwaona gitala ikulira mwachilendo, funsani mwini wake. Foni yanu ikulemba C pomwe mumayembekezera E, funsani. Kukula si chiphaso chogwira chida cha mnzanu. Zaka zambiri pa mikisa si chiphaso. Funsani, pakamwa muli napo.

Ndipo poti ndayamba kale, nanunso ogulitsa zinthu pa boma pano mutimvere chisoni. Tauni yonseyi, malo oimbira ali mbwee kuyambira Nkopola mpaka Cape Maclear, koma nsambo zonenepa sungazipeze. Ukafunsa za 12 mpaka 56 amakutulutsira paketi yopanda dzina ya 9, n'kumati zonse n'chimodzimodzi, waya ndi waya. Ukaziika, ndi chinyezi cha kunyanja kuno ndi thukuta lathuli, mwezi usanathe zachita kale dzimbiri. Ndiye uyambe kupempha wina wopita ku Blantyre, makilomita pafupifupi 190, kapena kudikira wachibale wochokera ku Joni, amene akafika amati anaiwala, m'malo mwake wakubweretsera chipewa.