Amene akuphunzirayo ndiye agwire mouse

Kuno ku Zomba mapepala tikuwasiya mwaliwiro. Kalembera wa 2018 a NSO, ofesi ya boma yowerengera anthu, anachita ndi matabuleti, ana olemba mayeso a MANEB akulembetsedwa pa intaneti. Chomwe chatsalira ndi kaphunzitsidwe ka anthu ogwira ntchitozi. Timangoti "achinyamatawa awathandiza akuluakulu", nkhani nkuthera pomwepo. Ine zimenezi zimandipweteka.

Taonani zomwe zimachitika m'maofesi ndi m'masukulu. Mnyamata wangochoka kumene ku Chanco kapena ku Domasi, akaona kuti madala akuchedwa amalanda mouse, kudinadina, nkuti "zatheka bwana". Aphunzirapo chiyani pamenepo? Mawa abweranso ndi funso lomwelo, mkuja manyazi awagwira, basi asiya kufunsa.

Wophunzirayo ndiye akhale pampando, wophunzitsa aime pambali manja ali kumbuyo. Ntchito imodzi patsiku, mphindi 30 zakwana, ndipo ikhale ntchito yeniyeni ya pa ofesipo, nthawi ya ntchito, osati poweruka. Zoyenera kutsata alembe okha m'kope m'mawu awoawo, abwereze katatu popanda wowauza.

Koma nanu achinyamata, kuthamanga pa WhatsApp si kudziwa Excel, pulogalamu ya pa kompyuta yolembera mayina ndi manambala m'mizere. Mukalemba nambala ya foni ya 0888 kapena 0999, ziro woyambayo amasowa chifukwa Excel imaitenga ngati nambala yowerengetsera. Sankhani column (mzere wotsika pansi) yonse, pitani pa Format Cells, ikani Text musanayambe kulemba. Madeti nawo ndi msampha: kompyuta yotcheredwa mwa ku America ikaona 03/04 imati ndi 4 Malichi, inu mukutanthauza 3 Epulo.

Choopsa kwambiri ndi Sort. Mukasanja column ya mayina yokha, malikisi amatsala pomwe anali, mwana aliyense nkutenga malikisi a mnzake. Amene amagwira cholakwika chotere ndi aphunzitsi aja akhala akulemba malikisi pamanja zaka zambirimbiri. Amangoyang'ana nkuti, "Mwana uyu masamu amakhoza, 12 imeneyi si yake." Ndiye musanatumize chilichonse, sindikizani tsamba limodzi, akuluakuluwo afananize mayina khumi ndi kaundula wa pamanja.

Ndipo nonsenu, dinani Ctrl+S pafupipafupi kuti musunge ntchito yanu, magetsi satsanzika. Fayilo isamakhale pa flash pokha, chifukwa flash yoyenda m'makompyuta ambiri sichedwa kutola vayirasi. Ina muzidzitumizira pa imelo tsiku lomwelo.