Kachingwe kachikasu si kotaya, ndi kowotcha

Abale anga a kuno ku Ulongwe, lero mundilole ndilankhule, mtima ukundiwawa.

Ndinachoka masiku asanu kupita kumaliro ku Domue. Pobwera ndalowa m'dimba langa la kuseri kwa nyumba, ndapeza mulu wa kachingwe kachikasu kaja, kachomera kopanda masamba kozenga mbewu zina, kali pamwamba pa mzere wa tomato. Sikanamere pamenepo ayi. Munthu wachita kukakanganula pa mpanda wake wa maluwa n'kukaponyera kwanga. Dzina sinditchula, mwini wake akudzidziwa, ndipo ndikudziwa kuti awerenga.

Masiku asanu okha, kazenga kale mitengo ya tomato isanu ndi iwiri. Tomato amene ndathirira ndi khasu ndi ndowa kuyambira mu Juni, kuzizira konse kuja kwa ku Angónia, manja ali gwaa. Ndadula ndekha ndi mpeni wanga, ndawotcha. Misozi inatsala pang'ono.

Anthu inu, kachingwe aka si kotaya. Ndi kowotcha. Ndibwereze? Kowotcha!

Kalibe mizu, kalibe masamba, sikadziphikira chakudya. Kamangozenga mbewu ya mwini n'kuyiboola, kenako kumayamwa madzi ake mpaka mbewuyo kufota. Alangizi amakatchula kuti Cuscuta. Ndiye iwe ukakazula n'kukaponya uko, sunakaphe, wangokasamutsa. Kachidutswa kotalika ngati chala kakagwera pa tsamba lamoyo kamagwira n'kuyambiranso. Kutaya ku dzala la zinyalala ndi kubzala. Kuponya mumsewu ndi kubzala. Kuponyera kwa aneba ndi kubzala m'munda mwa aneba, basi, palibe dzina lina.

Ndipo kukokakoka ndi manja kuja n'kungodzinamiza. Pamene kaluma pamatsala timano take m'kati mwa nthambi, pakapita masiku mupeza kaphukanso. Dulani nthambi yonse m'munsi mwa pamene kagwira, unjikani pamalo pouma, yatsani moto. Chitani zimenezi kasanachite maluwa, chifukwa kakagwetsa njere mwadziputira nkhondo: tinjere take timakhala m'nthaka zaka zoposa 10 tikudikira. Mmera mpoyamba, anatero akuluakulu. Inu mukudikira kuti mpanda wonse usanduke wachikasu ndiye muziti "taonani kukongola"? Kukongola chiyani?

Ena akuti kanabwera ndi maluwa a mpanda ogula, ena akuti ndi mbalame. Zimenezo n'zanu, ine sindikufunsa kumene kanachokera. Ndikufunsa amene anakaponya.

Chondipweteka n'chakuti ndinapita mwaulemu, ndati "bambo, zimene zagwera kwangazi zachokera kwanu." Yankho lake? "Aaa mayi, ndi udzu chabe umenewo, ukauma." Udzu chabe! Inu mumalima chimanga chokha, ndipo kachingwe aka chimanga sikakhudza, n'chifukwa chake mukuseka. Ife a tomato, anyezi ndi mbatatesi ndi amene tikulira. Ndalama ya yunifolomu ya ana imachokera m'dimba limeneli, metikali iliyonse. Mnzako akapsa ndevu m'zimire, inu mukuchita kuthira parafini.

Nawonso ana auzeni. Ndawaona akuchokera kusukulu atakavala m'khosi ngati mkanda, akatopa nako n'kukaponya pa mpanda uliwonse umene adutsa. Mwana sadziwa, koma inu makolo muli ndi pakamwa. Wotchani, ndipo anawo aone mukuwotcha.

Ndipotu si kachingwe kokha. Mu bairro muno mpanda wa mnzako wasanduka dzala. Mapepala a pulasitiki, mabotolo osweka, phulusa, matewera a ana, zonse hoo kuseri kwa mnzako, bola pakhomo pako pawale. Mbuzi nazo mwazimasula kuyambira tsiku lokolola, ngati kuti tonse tinasiya kulima mu Meyi. Sabata yatha zinandidyera kabichi mizere iwiri, mwini mbuzi ali phee pa njinga yamoto, kungondiimikira dzanja.