Mwadumpha chaka cha 2001

A mlembi, mwati chimene chinasintha wrestling kwambiri ndi WrestleMania (chiwonetsero chachikulu cha pachaka cha kampani ya WWE) yoyamba ya 1985. Ine ndikukana. Mwadumpha 2001, chaka chimene Vince McMahon, mkulu wa WWE pa nthawiyo, anagula WCW, kampani ina ya wrestling imene inkapikisana naye. Izi zisanachitike, Lolemba lililonse mapulogalamu a pa TV, Raw ya WWE ndi Nitro ya WCW, ankalimbirana owonera, ndipo mpikisano umenewo ndi umene unakweza akatswiri a WWE, Stone Cold ndi The Rock. WCW itagwa, WWE inatsala yokha, nkhani zake n'kuyamba kuzizira. Inadzidzimukanso kampani yatsopano ya AEW, ya Tony Khan, itabwera mu 2019.

Chaka chomwecho Kofi Kingston, wobadwira ku Ghana, anagonjetsa Daniel Bryan pa WrestleMania 35 n'kutenga lamba wa ukatswiri wa WWE. Kuno ku Ndirande anyamata m'ma video show anakuwa ngati Bullets yagoletsa, ngakhale aja amakonda kunena kuti zonsezi n'zopeka. Inde n'zokonzeratu, koma kugwa pa makwerero kuja msana umapweteka ndithu.

Za kutsogolo zikundidetsa nkhawa. Raw inasamukira ku Netflix mu Januwale 2025. Zonse zikapita pa intaneti, ndi mitengo ya bandulo ilipoyi, ambirife tizingoonera tizidutswa ta pa Facebook.